Choko Chadya Chipsera Changa

Mng'ono wanga wokondedwa,

Ndine mkulu wako, amene ndinakusiyira bere la amayi. Pa chiphaso changa analemba kuti ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza chimodzi, ngakhale iwe ukudziwa kuti anandichotsera ziwiri. Ndayamba ndi kudzitchula chonchi chifukwa ndamva kuti kumeneko mukundikayikira.

Moni kaye. Uli bwanji? Maso ako aja akuonako pang'ono, kapena nkhungu ija yaphimba onse awiri? Nanga msana? Ana ndi zidzukulu akudzuka bwanji? Ine kuno ndilipo, koma kukhalapo kwake n'kwa mtengo wouma umene mphepo sinaupeze.

Kalata ya mkamwini wako yafika. Andiwerengera kawiri ndi atelala, mayi amene amasoka zovala pakhomo loyandikana ndi langa, ndipo ndi omwewa akundilembera inoyi. Mkamwini akuti makalata anga awiri apitawa si anga. Akuti dzanja lolemba ndi lachilendo, ndipo chidindo cha chala chimene chili pansi pake chilibe mzere uja mumaudziwa. Akuti masiku ano akathyali achuluka, amalemba m'dzina la nkhalamba kuti alowe m'nyumba za eni. Ndiye wamaliza ndi kunena kuti ngati amayi aakulu anamwalira, anthu anene bwinobwino, asamasewere ndi chala cha munthu wina.

Atelala atawerenga pamenepo anaima, n'kundiyang'ana. Ndinawauza kuti apitirize, si tsiku lililonse munthu amamva uthenga wa maliro ake ali khale pampando.

Sindikumukwiyira mkamwini. Akuteteza nyumba, ndipo lamulo limene akutsata ndi la amayi. Ukukumbuka tsiku ndinkachoka kumudzi? Amayi anati popeza sindidziwa kulemba, aliyense angathe kundiikira mawu m'kamwa. Anati kalata yanga iliyonse izikhala ndi chidindo cha chala changa chachikulu cha kumanja, chifukwa chipsera chija chimasiya mzere woyera pakati pa inki, ndipo palibenso wina ali nacho. Zaka makumi anayi ndakhala ndikudinda, inu n'kumaona mzere uja, n'kumati mkulu wathu ali moyo.

Tsono ndimvere, ndikufotokozere chimodzichimodzi. Usandithamangitse, ukundidziwa kuti nkhani sindiiyambira pakati.

Za dzanja lolemba n'zosavuta. Alonda a kuntchito kwathu, amene ankandilembera zaka zonsezi, anamwalira chaka chatha nyengo yozizira. Ndinakuuza m'kalata yoyamba ija imene munaikana. Ndiye atelala anatenga udindo. Iwo amalemba ndi mapini m'kamwa, ndipo amakonda kundikonza mawu, koma ndawauza kuti lero alembe monga ndikunenera.

Za chala ndiye zazitali.

Zinayamba zaka zitatu zapitazo. Kukazizira, zala zanga zinkayera ngati za munthu wakufa, kenako n'kuda, kenako n'kumayaka. Sindinasamale. Ntchito yanga ndi yosita, ukagwira simbi yotentha dzanzi limatha. Kenaka ndinamva kanthu kolimba kunsonga kwa chala cholozera, pansi pa khungu, kukula kwake ngati njere ya mapira. Ndinati mwina ndi chikanga cha ntchito. Patapita miyezi kanabwera kena pa chala chapakati, kena pachigongono, tiwiri pabondo pamene ndimagwadira. Ukatikhudza, tili gwa ngati timiyala ta mumsewu.

Tsiku lina ka pa chala cholozera kanaphulika kokha. Ndinkayembekeza mafinya. Sanali mafinya. Munatuluka zoyera, zolimbirako, ngati choko chimene chanyowa. Zitauma pa thebulo zinasanduka ufa.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa, mng'ono wanga. Ndinaganiza kuti ndi sitachi. Kuntchito kwathu timaviika makolala ndi nsalu za pathebulo mu sitachi kuti ziume bwino, ndipo manja angawa akhala m'madzi amenewo kuyambira ndili ndi mano onse. Ndinati basi, sitachi walowa m'thupi, tsopano akufuna potulukira. Ndiye ndinachita zimene timachita ndi nsalu imene yadya sitachi wambiri. Ndinkaviika manja m'madzi otentha m'mawa uliwonse. Zitakanika, ndinabwereka singano kwa atelala, ndikuwanamiza kuti ndikufuna kusoka batani. Ndinkaboola, n'kumafinya, mpaka misozi. Timiyala totulukamo ndinkatisunga m'kabokosi ka machesi, sindidziwa chifukwa chake. Mwina ndinkati tsiku lina kadzadzaza, ndiye kuti zatha.

Sizinathe. Pamene ndaboola pankasanduka chilonda, chilonda chikapola pankamera tiwiri.

Kenaka kena kanamera pa chala chachikulu chija, pakati penipeni pa chipsera. Kameneko ndinalimbana nako kwambiri kuposa tonse, ndipo ndi kamene kanandigonjetsa. Khungu linang'ambika, linapola, linang'ambikanso. Lero pamene panali chipsera pali kaphiri kolimba kokhala ndi kabowo pamwamba. Timizere tonse ta chala tija tafufutika, pasalala ngati pansi pa simbi.

Woyamba kundikana sanali mkamwini wako. Anali makina. Pageti la kuntchito anaikapo kamakina kamene aliyense amaikapo chala polowa, kuti abwana adziwe amene wabwera. Kanayamba kundiyatsira kofiira. Ndipukute chala, kofiira. Ndinyowetse ndi malovu, kofiira. Mzere wa anzanga kumbuyoku ukudikira. Madzulo akapitawo anabwera ndi pepala, akuti Agogo a Simbi, paja ndi mmene amanditchulira kuno, makina akunena kuti sabata ino simunabwere. Ndinawafunsa kuti nanga nsalu zonse zili pa shelefuzo wasita ndi mzukwa? Anaseka, n'kuyamba kumandilemba m'buku ndi cholembera. Koma kuyambira pamenepo aliyense anayamba kuyang'ana manja anga.

Pali mayi wina timagwira naye ntchito, timamutcha a Wailesi chifukwa pakamwa pawo sipazima. Iwo anati agogo, mwadya sitachi zaka makumi anayi, tsopano mwayamba kuuma ngati kolala. Akuti tsiku lodzakuikani m'bokosi sipadzafunika kukuwongolani, mudzakhala mwasitidwa kale. Tinaseka tonse, inenso ndinaseka. Ndinawayankha kuti iwo adzafunika mabokosi awiri, lina la pakamwa pokha. Koma mawa lake ndinapeza kapu yanga yomwera tiyi aichotsa pakati pa zinzake, aiika payokha pawindo. Mawu oti khate ndinawamva akuyenda kuseri kwa nsalu zoyanika.

Chimene chinandigwetsa ndi suti. Inali yakuda, yatsopano, mwini wake amakwatira Loweruka. Anandipatsa ine chifukwa pa makolala a suti palibe amandiposa, izi ndinena ndekha popeza palibenso adzandinenere. Ndinakanikiza kolala ndi chala chachikulu monga ndimachitira nthawi zonse, kuti igone bwino simbi isanafike. Sindinamve kuti chala chaphulika. Ndinadzaona simbi itadutsa kale. Mzere woyera, wautali ngati chala, utapsera mu nsalu yakuda. Tinayesa madzi, tinayesa mankhwala onse a m'botolo, unatsala ndithu ngati nkhono yayendapo.

Mkwati anabwera Lachisanu masana. Sanalalate. Anangoima n'kumayang'ana kolala ija, kenaka anayang'ana manja anga, n'kubwerera m'mbuyo phazi limodzi. Kukanakhala bwino akanatukwana.

Abwana anandiitana mu ofesi. Ndi mwana wa abwana akale aja amene anandilemba ntchito, ndinkamusitira yunifolomu akupita kusukulu. Analankhula mwaulemu, sananditchule dzina, ankangoti amayi. Anati ndipite kuchipatala, akandione.

Ndinapita ndi kabokosi kanga ka machesi. Adokotala ake ndi mayi wamng'ono, wa msinkhu wa mwana wako wachiwiri. Nditatsegula kabokosi anati mayo, agogo, mwakhala mukudzikumba nokha ngati mgodi? Anandikalipira zenizeni za singano ija. Akuti kuboola n'kumene kunkalowetsa tizilombo, ndipo ndikanatha kutaya chala chonse.

Anandijambula manja ndi makina oona mafupa, n'kundionetsa chithunzi pa nyali. Mng'ono wanga, ndinaona mafupa a manja anga, ndipo kunsonga kwa zala kuli timadontho toyera mbuu, ngati matalala atagwa pa nthaka yakuda. Ena anali m'malo amene ine sindinayambe kuwamva. Akudikira nthawi yawo.

Adokotala anandifotokozera pang'onopang'ono, chifukwa ndinawauza kuti ndine wosaphunzira, asandiponyere mawu akuluakulu. Akuti choyeracho si sitachi. Ndi chinthu chomwe chija chimalimbitsa mafupa ndi mano, amachitcha kashiamu. Akuti kwa ine chasochera, m'malo mokhala m'mafupa mokha chikuunjikana pansi pa khungu. Akuti gwero lake ndi nthenda imene imaumitsa khungu, ndipo ndi yomweyo imayeretsa zala kukazizira. Anandifunsa ngati chakudya chimaima pachifuwa ndikameza. Ndinadabwa kuti wawauza ndani. Anandifunsanso ngati pakamwa pakuchepa. Ndinati ndimaona ngati supuni ndiyo yakula.

Akuti si khate. Akuti sizipatsirana, ngakhale titamwera kapu imodzi kapena kufunda bulangete limodzi. Akuti palibe anandilodza, ndipo si chifukwa cha mkaka, paja ndinali nditasiya kuthira mkaka mu tiyi poganiza kuti zoyera zonse ndi adani anga. Zimenezi uwauze onse kumeneko, makamaka amene ali ndi ana aang'ono.

Ndinafunsa za mankhwala osungunula timiyalati. Anati alipo oyesa, ena amawathandizako, koma otsimikizika palibe. Akuti angathe kudula tomwe tikupweteka kwambiri, koma nthawi zambiri timabwereranso. Anandipatsa mapiritsi oti magazi aziyenda bwino m'zala, mankhwala opaka pa zilonda, ndi nsalu zomangira. Anati manja azikhala ofunda, ndipo singano ndibweze kwa mwini wake.

Potuluka ndinawafunsa ngati chipsera changa chidzabwerere. Anaseka, akuti anthu amabwera kudzapempha kuti tiwachotsere zipsera, inu mukufuna chanu chibwerere? Ataona kuti sindikuseka anasiya. Anagwira chala chija, anachitembenuza, n'kunena kuti ayi agogo, chimenecho chapita.

Anandilembera pepala lonena kuti nthenda yangayi siipatsirana. Ndinakalipereka kwa abwana. Analiwerenga, analiwerengeranso onse, ndipo a Wailesi anakatenga kapu yanga pawindo n'kumweramo tiyi pamaso pa anthu, akuti ngati ndife, ndife ndi agogo. Mayi amene uja pakamwa ndi poipa, koma mtima ulipo.

Koma pepala siligwira simbi. Ndikuuze zoona, popeza kwa abwana ndinakana. Zala sizikupindikanso bwino. Simbi ndaigwetsa kawiri, kachiwiri inaphonya phazi la mnzanga pang'ono pokha. Abwana anati amayi, mwagwira ntchito, kapumuleni. Anandigwira dzanja potsanzikana, ndipo ndinaona kuti akudzikakamiza kuti asalipukute pa thalauza ine ndikuona.

Tsono vuto lili apa. Chipinda chimene ndimagonamo ndi cha kuntchito. Chili kuseri kwa nyumba yochapira, ndipo khoma lake limodzi limafunda chifukwa paipi ya madzi otentha imadutsa kumbuyo kwake. Bedi langa ndinaligunditsa kukhoma limenelo, m'mawa ndimatsamiritsa manja pamenepo mpaka dzanzi litachoka. Andipatsa mpaka kutha kwa mwezi wamawa. Amene walowa m'malo mwanga wabwera kale ndi chingwe kudzayeza windo, akuti akufuna kusoketsa katani. Anayeza ine ndili khale pabedi. Anapepesa, koma anayeza.

Katundu wanga ndi wochepa. Sutikesi yachitsulo ija ndinachoka nayo kumudzi, mabulangete awiri, mapoto, ndi jekete la alamu ako limene likadali pa msomali pamene analisiya. Iwo anatsogola kale, ukudziwa. Mwana sindinagwire, ukudziwanso. Atelala akuti ndingathe kugona pansi m'chipinda chawo chosokera kwa sabata imodzi kapena ziwiri, koma ali ndi ana asanu m'zipinda ziwiri, ndipo pansi pake ndi pa simenti. Akulemba izi akupukusa mutu, akuti ndisanene choncho. Lembani, atelala.

Mabatani sindikuthanso kumanga. Machesi ndimayatsa ndi zala ziwiri zakumapeto. Adokotala sanabise kuti kutsogoloku padzafunika munthu wondithandiza kuvala. Ndiye m'makalata awiri aja ndinkapempha chinthu chimodzi, kuti ndibwere kwathu. Yankho lake ndi lija, loti ndinamwalira.

Ndakhala ndikuganiza kuti ndingakutsimikizire bwanji kuti ndine. Nkhope yasintha, khungu lakokeka, milomo yaphwa, ukanandiona pamsewu ukanandidutsa. Dzanja lolemba lasintha. Chala chasintha. Chatsala n'chimodzi, ndipo ndinalumbira kuti ndidzapita nacho kumanda. Lero ndachiulula kwa atelala, ndipo ndikudziwa kuti kumeneko akuwerengera ndi mkamwini. Undikhululukire.

Akamwini, ngati ndinu mukuwerenga, werengani pang'onopang'ono, musadumphe liwu. Mukamaliza ndime ikubwerayi, muyang'ane nkhope ya apongozi anu.

Linali Loweruka, sukulu imatsegulidwa Lolemba. Yunifolomu inali imodzi, yobiriwira, amayi anasokera ine, ndipo inali payanikidwe pa chingwe. Iwe unalira sabata yonse kuti ukufunanso kupita. Masana tinali kuseri kwa khola la mbuzi ndi nzimbe imodzi ndi mpeni wa atate, umene anatiletsa kuukhudza. Tinakangana kuti adye kutsinde ndani. Ine ndinagwira nzimbe, iwe unagwira mpeni. Unandiuza kuti wakusukulu adye kunsonga, n'kukoka mpeni uja. Unandidula mpaka fupa linaoneka. Tinang'amba mpendero wa diresi lako lachikasu n'kumanga, kenaka sanza ija tinaikwirira pansi pa mtengo wa gwafa kuti amayi asaone. Iwe unadzikodzera. Atate atafunsa ndinati ndadzicheka ndekha.

Onse amene ankadziwa kuti ndinadzicheka ndekha anamwalira akudziwa choncho. Wodziwa zoona ndiwe ndi ine.

Zotsatira zake ukuzikumbuka. Chala chinatupa mwezi wathunthu, sindikanatha kugwira cholembera. Amayi anapinda yunifolomu ija kumunsi kuti ikukwane. Atate anati iwe upite ukandisungire malo mpaka chala chipole. Chala chinapola. Iwe unali utayamba kale kulemba dzina lako pa sileti, aphunzitsi akukuyamikira, ndipo ine ndinali nditazolowera kumunda. Palibe anakumbukiranso za malo aja, inenso sindinafunse.

Usaganize kuti ndakumba zimenezi kuti ndikuimbe mlandu. Unali mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Mutu wa sukulu unali nawo ndiwe, ndipo ndinkanyada nawe. Chipsera chija sindinadane nacho, chinali dzina langa, ndicho chokha ndinkatha kulemba. Ndanena chifukwa ndilibenso china chokuonetsa. Ndatsala ngati munthu amene wagulitsa khasu.

Amayi ankakonda kunena kuti chibale ndi fupa, sichiola. Ndinkakhulupirira. Masiku ano ndikayang'ana manja angawa ndimaona kuti ngakhale za m'mafupa zimasochera. Sindikudziwanso, mng'ono wanga. Mwina kalata ya mkamwini unaimva yonse n'kuvomereza. Mwina kumeneko kulibedi malo, nyumba yadzaza, ndipo nkhani ya chala yangokupezerani ponenera. Ngati ndi choncho, undiuze. Sindidzakutemberera. Ndikungofuna kudziwa mwezi usanathe, kuti ndisamakhale ndikuyang'ana kugeti nthawi imene wamakalata amadutsa.

Sindidya zambiri, pakhosi pamakana. Sindingathe kulima kapena kutunga madzi, ndisakunamize. Kuyang'anira ana ndingathe, kuingitsa nkhuku pa choyanika ndingathe. Chimene ndikufuna ndi kona imodzi yosalowa mphepo, pafupi ndi moto.

Undiperekere moni kwa alamu anga, ngati makutu awo akumvabe. Moni kwa mwana wako woyamba ndi mwamuna wake amene akuwerengayu, ndamuuza kale kuti ndilibe naye chifukwa. Moni kwa amapasa, ndi kwa mdzukulu uja munamupatsa dzina langa, amene sindinamuonepo. Moni kwa akazi a malemu achimwene, uwauze kuti nsalu anandipatsa ija ndi imene ndimakulunga manja. Ukapita kumanda kwa amayi ndi atate, ukawauze kuti ndikadali kuno.

Pansipa ndadinda. Atelala amati ndidinde ndi chala cha kumanzere, chimene chikadali chabwinoko, kuti pepala lioneke laulemu. Ndakana. Usafunefune mzere, palibe. Upeza banga la inki, pakati pake pali poyera pamene choko chakana inki. Koma chala ndi chomwe chija. Unachigwira ndi manja ako onse awiri kuseri kwa khola, ukulira kuti ndisanene.

Undiyankhe, ndipo ulembe ndi dzanja lako, osati la mkamwini. Ngakhale maso akuvuta, ngakhale zilembo zikhote. Kuwerenga sindidziwa, koma dzanja lako ndimalidziwa, zilembo zako zimapendekera kutsogolo ngati udzu woombedwa ndi mphepo, ndipo makalata ako onse ali m'sutikesi. Liwu limodzi likwana. Bwera, kapena usabwere.

Atate anakutuma kuti ukandisungire malo. Zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi zadutsa ndisanakufunse. Lero ndafunsa. Kodi alipo?

Ndine mkulu wako,
wosita uja.